Ndisinthe madola onse nthawi imodzi kapena ndizitumiza pang'onopang'ono?

Membala wosatchula dzina

Abale anga pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ku America, ndipo ndasunga $8,000 yoti ndiwamangire mayi anga nyumba ya malata kwathu ku Mchinji. Njerwa anawotcha kale, maziko anakumba, mmisiri alipo. Achimwene anga ndi amene akuyang'anira ntchito ndipo akuti nditumize zonse zikhale ku akaunti yawo kuti azingotapa ntchito ikamayenda. Achimwenewo ndimawakhulupirira, vuto si iwo ayi. Chikundisowetsa tulo ndi kwacha. Ntchitoyi itenga mwina chaka, ndiye ndalama zikakhala kubanki miyezi yonseyo, zidzagulabe zomwe zikanagula lero?

Chachiwiri ndi reti. Ndikatumiza mwa njira yovomerezeka, dola ikusinthidwa pafupi ndi reti ya boma, ija ya K1,751. Koma amasitolo kumudziko akuika mitengo potengera reti ya mumsewu. Wina wandiuza kuti ndimupatse madola kuno, mnzake akawapatse achimwene makwacha ochuluka kuposa kawiri. Mtima ukufuna koma ndikuchita mantha. Inu amene munamangapo muli kunja, munatani?

Anti a ku Leeds

Mwana wanga, usatumize zonse. Ndikubwerezanso, usatumize zonse. Kumbukira zomwe zinachitika mu Novembala 2023. Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene anasintha $1,000 dzulo lake anadzuka ali ndi makwacha okwana pafupifupi $700 yokha, asanagule ngakhale msomali. Mu Meyi 2022 inagwanso ndi 25 peresenti. Palibe amene amakuchenjeza, umangomva pa wailesi zitachitika kale.

Ndipo ngakhale reti ya boma itakhala chiimire, mitengo siima. Chaka cha 2024 zinthu zinkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, pamene chiwongoladzanja cha akaunti wamba yosungira ndalama chinali kutali kwambiri ndi pamenepo. Madolawo akhale komwe uliko. Uwafunse achimwene ako akulembere ntchito m'zigawo: khoma mpaka pa lintala, denga, pulasitala, pansi, zitseko ndi mawindo. Gawo likakwana, utumize ya gawo lomwelo, ndipo igule katundu sabata yomweyo.

Mmisiri wa ku Area 25

Achemwali, ine ndine womanga, ndiyankhulepo mbali yanga. Anti anena zoona, koma palinso china. Pali katundu amene ndi bwino kugula msanga chifukwa mtengo wake umatsatira dola ndipo saonongeka: malata, zitsulo za lintala, mafelemu a zitseko ndi mawindo, misomali, waya wamagetsi, mapaipi. Zimenezi gulani lero ngati pali chipinda chokiyidwa bwino. Malata asanjikidwe pamatabwa, pouma, madzi asalowe pakati pake chifukwa amachita mawanga.

Simenti ndiye ayi. Ndinaonapo matumba oposa makumi awiri atasanjikidwa pansi m'nyumba ya dothi nthawi ya dzinja, eni ake akuti akuthawa kukwera kwa mtengo. Titabwera kudzamanga, tinatsegula thumba loyamba, muli mibulu yolimba yoti kuiphwanya mpaka hamala. Theka lonse tinataya. Simenti mugule yongokwanira masabata ochepa, isanjikidwe pamwamba pa matabwa, isagunde khoma.

Komanso ndi mmisiri wanuyo mugwirizane mtengo wa gawo lililonse, osati wa nyumba yonse. Mukagwirizana wa nyumba yonse, pakati pa ntchito adzabwera kudzadandaula kuti ufa wakwera, ndipo adzakhala akunena zoona. Pamenepo m'pamene anthu amayambana.

Wa ku Joni

Tiyeni tinene chilungamo pa nkhani ya retiyi. Munthu wagwira ntchito usiku wonse akutembenuza odwala, ndiye dola yake isinthidwe theka la mtengo umene wasitolo akuwerengera? N'zopweteka, ndipo n'chifukwa chake ambiri akudutsira kumbali. Sindikuti n'zabwino, ndikungonena zomwe zilipo.

Mayi wa kubanki

Achimwene a ku Joni, kupweteka kwake tonse tikukuona, koma mchemwaliyu amve mbali zonse. Kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo cha Reserve Bank ndi mlandu ku Malawi. Ndiye zikavuta mukadandaula kwa ndani? Njira yake imakhala yomweyi: koyamba amakulipirani bwinobwino pa $200, kachiwirinso chimodzimodzi. Mukadzapereka zambiri, amakutumizirani chithunzi cha risiti yoti ndalama zalowa, achimwene akapita kubanki akapeza mulibe kanthu, foni yazimitsidwa. Ena amalipira ndithu, koma ndi ndalama zochokera kwa anthu osadziwika, kenako banki n'kuyamba kufunsa mwini akaunti kuti mamiliyoni amenewa achokera kuti. Amene amavutika ndi wa kumudzi, osati inu muli kunjako.

Chimene ndingalangize n'choti musanatumize muziyerekeza makampani angapo tsiku lomwelo, monga Mukuru, WorldRemit, Western Union ndi MoneyGram. Musamangoyang'ana ndalama yotumizira, yang'anani makwacha amene wolandira agwire m'manja. Ina imaoneka yotchipa koma reti yake ndi yotsika. Ngati zikulowa ku Airtel Money kapena Mpamba, kumbukirani kuti kuli malire a ndalama ndipo potapa amadulanso. Funsaninso za akaunti ya ndalama zakunja, ija amati FCDA, imene mabanki a ku Malawi amatsegulira anthu okhala kunja. Madola amakhala madola mpaka tsiku lomwe mwafuna kusintha, kungoti posinthapo ndi pa reti ya banki. Malamulo ake amasinthasintha, choncho mufunse kaye musanaikemo kanthu.

Wa ku Joni

Ndamva mayi. Njira ina imene ena kuno amachita ndi kugula katundu kunja n'kumutumiza pa thiraki, m'malo motumiza ndalama. Ku Mchinji ndi kufupi ndi Chipata, achimwenewo atha kukafunsa mitengo ya malata kumeneko. Koma awerengere msonkho wa MRA pa boda ndi thiransipoti, apo ayi phindu lonse lithera panjira.

Mnzanu wa ku Texas

Poti muli ku America, dziwani kuti kuyambira Januwale 2026 kuli msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumiza kunja ngati mwalipira ndi kashi kapena money order pa kauntala. Mukalipira kuchokera ku akaunti ya banki kapena ndi khadi lanu la kubanki, msonkhowu sukukhudzani. Pa $8,000 ndi $80 imeneyo, si yochepa.

Membala wosatchula dzina

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Za munthu wa kumbali uja ndazisiya. Ndaganiza zoyamba ndi malata, zitsulo ndi mafelemu mwezi uno, zotsalazo zikhale kuno. Chatsala n'choti ndiwauze bwanji achimwene osawakhumudwitsa, chifukwa akhoza kuona ngati ndikuwakayikira, pamene iwo ndi amene akuthamanga ndi ntchitoyi padzuwa.

Anti a ku Leeds

Uwaimbire foni, usalembe uthenga. Uyambe ndi kuwathokoza, kenako uwafunse kuti thumba la simenti linali ndalama zingati chaka chatha ndipo lero lili pa zingati. Ayankha okha. Uwauze kuti ukuopa kwacha, ndipo uwapemphe kuti iwowo ndi amene akonze ndondomeko ya zigawozo pamodzi ndi mmisiri. Pa gawo lililonse uziikapo kangachepe ka mayunitsi ndi thiransipoti yawo, osadikira kuti apemphe. Mayi akhalepo pokambiranapo, amve ndi makutu awo.