Foni ikuonetsa -67 dBm, imeneyi ndi mawati angati?

Wokonza mawailesi, Ndirande

Akuluakulu, ndithandizeni pang'ono. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi, koma sabata yatha amayi ena a malo ogona alendo anandipempha kuti ndiwaikire Wi-Fi. Rauta ndinaiika pa resepishoni. Pa bokosi lake analemba 20 dBm, penanso 100 mW. Ndikapita kuchipinda chomaliza, kuseri kwa makoma atatu a njerwa zootcha, pulogalamu ya pa foni imaonetsa -67 dBm, nthawi zina mpaka -72. Chimene chikundizunguza mutu ndi mainasiyo. Mphamvu ingakhale bwanji pansi pa ziro, WhatsApp n'kumayendabe? Amayiwa akufuna ndiwalembere pa pepala m'mawati, poti ndiwo amawadziwa kuchokera pa mababu.

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba

Achimwene, mainasiyo asakuopseni. Sakunena kuti mphamvu yatha ayi, akungonena kuti ndi yochepera pa miliwati imodzi (1 mW), gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati. Muyeso wa dBm umayambira pamenepo: 0 dBm ndi 1 mW. Mukakwera ndi 10, mphamvu yachuluka ka 10. Mukatsika ndi 10, yagawidwa ndi 10. Ndiye 10 dBm ndi 10 mW, 20 dBm ndi 100 mW, bokosi lanu silinaname. Pa 30 dBm mwafika wati imodzi.

Tsopano titsike. -30 dBm ndi maikolowati imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a wati. -60 dBm ndi nanowati imodzi, gawo limodzi mwa 1 biliyoni. -70 dBm ndi 0.1 nanowati, kapena tinene 100 pikowati. Chotsala n'chakuti kukwera ndi 3 kokha kumawirikiza mphamvu pafupifupi kawiri, choncho -67 yanuyo ndi 200 pikowati. M'mawati ndi 0.0000000002 W. Ija ya -72 ili cha pa 63 pikowati.

Ana a fomu 4 ndikawasonyeza zimenezi sakhulupirira msanga. Kuchoka pa 100 mW ya rauta kufika pa 200 pikowati kuchipindako, mphamvu yatsika ka 500 miliyoni, koma foni ikumvabe bwinobwino. N'chifukwa chake akatswiri a mawailesi amakonda dBm: kuwerenga maziro naini pa pepala n'kosavuta kuphonya imodzi.

Nachisale, Lilongwe

Aphunzitsi alongosola bwino. Ine ndimaika ma antena ndi timasensa ta m'minda, ndipo ndingokulangizani, mlongo wanga, kuti amayiwo musawalembere maziro onsewo, aganiza kuti mwawagulitsa chinthu chakufa. Auzeni kuti -67 ndi yokwanira kuimba foni ya vidiyo, koma ikamayandikira -80 alendo ayamba kudandaula. GPS ya m'foni mwanu imamva masetilaiti ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, pa mphamvu ya cha m'ma -130 dBm, ndiye -67 si yochepa konse.

Pomwe muyenera kusamala kwenikweni ndi pa zilembo. m wamng'ono ndi mili, M wamkulu ndi mega, kutanthauza miliyoni. Mukalemba 100 MW m'malo mwa 100 mW, rauta ya pa resepishoni mwaiyandikiza ku Kapichira, komwe makina onse pamodzi amapanga pafupifupi 130 MW. Choopsa kwambiri ndi µ wa maikolo. Chaka china ndinapatsidwa pepala la kasensa koyeza chinyezi m'nthaka, ndipo posindikiza µ uja anasanduka m. Kasensa kodya 50 µW kakagona ndinakawerengera ngati 50 mW, kuchulukitsa ka 1,000. Ndinagula sola ndi batire lalikulu la 12 V, pomwe mabatire awiri a tochi akanakwanira. Ndalama zija zinali za mlimi, ndipo zimandiwawabe mtima. Kuyambira pamenepo ndimayeza ndekha ndi mita: kalenti kuchulukitsa ndi mavoti. Maikoloampu 15 pa mavoti 3.3 ndi pafupifupi 50 µW, basi.

Wokonza mawailesi, Ndirande

Zikomo aphunzitsi, zikomo achemwali. M'mawa uno ndakoka waya wa mamita 15, rauta ndaipachika m'mwamba mukolido, khoma latsala limodzi. Chipinda chija tsopano chikuonetsa -58. Ndayesa njira yanu: kuchoka -67 kufika -58 ndi 9, kutanthauza kuwirikiza kawiri katatu, ndiye ka 8. Ndapeza 1,600 pikowati, kapena 1.6 nanowati. Ndalondola?

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba

Mwalondola, achimwene. Kakyuleta ikupatsa 1.58 nanowati. Mukapitakonso kayezeni chitseko cha chipindacho chili chotseka, poti ndi mmene alendo amagonera.