2960-X: mapoti 8 akuzimazima limodzi, ndi switch kapena keble?

Wa_Helpdesk: Akuluakulu thandizeni, bwana andikhalira pakhosi. Pa switch ya Cisco, WS-C2960X-48LPD-L, kuyambira Gi1/0/17 mpaka 24 mapoti akungoyaka n'kuzima chigwereni mvula ya mabingu ija. Pamenepo pali ma AP (zida zofalitsa Wi-Fi) anayi ndi makamera atatu, imodzi ili pageti. Log yadzaza %ILPOWER-3-CONTROLLER_PORT_ERR ndi %LINK-3-UPDOWN. show power inline ikuti 190W pa 370W, ndiye si kuti magetsi opatsa zidazo aperewera. show env all fani OK, temperature GREEN. Shut/no shut ndapanga, reload ndapanga, palibe chasintha. Mapoti enawo ali bwinobwino.

Mdala_Crimper: Keble imeneyo achimwene. Palani waya umodzi ndi mpeni, mukaona zoyera mkati ndi CCA, aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba. Pa PoE (magetsi odutsa mu keble ya netiweki) amatentha, voteji imatsika, AP n'kumangodzizimitsa. Switch musainamizire.

Mayi_NOC: A Crimper, keble zisanu ndi ziwiri zingafe tsiku limodzi, zonse pa mapoti oyandikana? Mkatimo mapoti samayenda lililonse palokha, PHY (chip cha data) ndi PoE controller (chip cha magetsi) zimagwira gulu, kawirikawiri anayi kapena asanu ndi atatu. Likafa gulu lathunthu ndimayamba kukayikira chip. A Helpdesk, siyanitsani data ndi magetsi. Zulani zonse pa 17 mpaka 24, pa 17 ikani power inline never, lumikizani laputopu ndi patch cord yaifupi yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino. Clear counters, kopani fayilo yaikulu, kenako show interfaces counters errors. Link ikakhazikika pa 1000 full popanda ma error a CRC (data yofika itaonongeka), PHY ili moyo, chafa ndi mbali ya PoE. Ikamagwabe ndi laputopu yokha, keble ya m'khoma yapezeka yosalakwa. Onaninso show post, mizere ya Inline Power Controller Tests ndi PortASIC Port Loopback Tests, ngati ikuti Passed kapena Failed. Koma Passed isakunyengeni, POST ndi mayeso omwe switch imadzipanga poyaka pokha, chip chikadali chozizira.

Root_wa_ku_Limbe: Chenjezo musanakhudze kalikonse: kamera yapageti ija MUSAISAMUTSIRE pa poti yabwino kuti muyese. Ngati mphenzi inalowera kumeneko ndipo muli short, mupha gulu lina. Iyeseni payokha ndi injector, kachida kolowetsa magetsi mu keble popanda kudalira switch. Chinanso, musatsegule switch kuti mukaone chapsa n'chiyani. Power supply ya 2960-X ndi yomangira mkati, ma capacitor amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, komanso nkhani ya warranty mwaithetsa nokha.

Mdala_Crimper: TDR, yoyesera keble kuchokera pa switch, mwaiyendetsa? test cable-diagnostics tdr interface gi1/0/17, dikirani masekondi angapo, show cable-diagnostics tdr interface gi1/0/17. Ikuuzani peya iti ili Open kapena Short ndiponso pa mita ingati. Mubwera kudzandiuza kuti ndi keble.

Mayi_NOC: TDR ayendetse, palibe wakana, koma adziwe kuti imagwetsa link nthawi yoyesayo, asaiyese pa uplink masana. Komanso makamera ambiri ndi a 100Mb, amagwiritsa mapeya awiri okha, ndiye peya C ndi D zimatha kuoneka ngati zili ndi vuto pamene keble ilibe mlandu.

Wa_Helpdesk: Laputopu pa 17 yakhazikika, CRC ziro. Ndikabwezera power inline auto n'kuika AP, error ija yabweranso. Mwina ndikweze IOS, software ya switch?

Root_wa_ku_Limbe: Ayi, dikirani kaye. Switch munaigula kuti? 2960-X zachinyengo zilipo pamsika, a kampani ya zachitetezo cha makompyuta ya F-Secure anazifufuza mu 2020, ndipo zinadziwika chifukwa zinasiya kugwira ntchito atazikweza software. Chongani serial ya pa show version ndi ya pa stika ndi wogulitsa wovomerezeka. Ndiponso IOS siukitsa chip chopsa. Tengani show tech-support musanazimitsenso, log ya mu buffer imafufutika mukapanga reload. Config isungeni kunja.

Mayi_NOC: Pakadali pano shut mapoti asanu ndi atatuwo, lembani description kuti wina asadzalumikizepo, ma AP apite pa mapoti ena mutawayesa ndi injector. Mukafuna RMA, kubweza switch kuti akupatseni ina, dziwani kuti warranty nthawi zambiri siilipira za mphenzi. Ndipo switch yatsopano idzafa chimodzimodzi ngati kopa akutulukabe panja popanda surge protector ndipo rack ilibe earth. Kupita kugeti kapena nyumba ina kokani faiba, injector ikakhale komweko.

Mdala_Crimper: Mwaona? Mwafika pomwe ndinayambira. Yabweretsa mphenziyo ndi keble.

Mayi_NOC: Munati CCA, madala, simunati mphenzi.

Mdala_Crimper: Apale waya kaye tione. Kodi yopita kugetiyo ndi mamita angati? Ikapitirira 100 ndiye nkhani ina.

Root_wa_ku_Limbe: Tili pompo, alipo akudziwa kopeza mabatire a 12V 9Ah a UPS osakhala ogonera m'shopu? Jenereta ikamalowa rack yonse ikumazima.