Zithunzi za banja zija tajambulitsa

Zikomo abale ndi alongo nonse amene munandiyankha nditafunsa zoti tivale pa chithunzi cha banja la anthu 9. Tinatsatira malangizo oti tisavale zofanana ngati kwaya, koma tisankhe mitundu iwiri yokha. Ife tinatenga buluu wodera ndi kirimu.

Chitenje cha mamita 6 chomwe tinagula mumsika wa Limbe chinakwana siketi ya amayi, duku la agogo ndi makolala a malaya a anyamata. Enafe tinavala zopanda maluwa, ndiye chitenjecho chinaoneka bwino kwambiri. Telala mupatseni masabata awiri kuti mukayesa apeze nthawi yokonza pothina.

Tinajambula 4 koloko madzulo, phiri la Soche lili kumbuyo kwathu. Munanena zoona, dzuwa la masana limatsinzinitsa anthu.

Zinthu ziwiri ndizo zinatipweteka mtima. Shati ya mizere ing'onoing'ono ya malume inatuluka ngati mafunde, chifukwa kamera imasokonezeka ndi mizere yothinana. Komanso ana tinawadzoza Vaseline wambiri, zipumi n'kumanyezimira. Pukutani ndi tishu musanayambe. Anawo adye asanavale, ndipo muyambe ndi chithunzi cha onse asanatope. Agogo muwatengere mpando.