Kodi maselo oyera akachuluka m'magazi ndiye kuti chitetezo chakwera?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa pepala la zotsatira za magazi pamakhala mzere wolembedwa WBC, ndipo amati amenewo ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi. Nanga ngati ali asilikali, adokotala amaderanji nkhawa nambala ikakwera? Komanso maselowa amachita chiyani kwenikweni tizilombo tikalowa, tinene kuti pa bala?

Yankho loyamba:
Tiyambire pa bala pomwepo. Msomali wakubayani, mabakiteriya alowa. Pansi pa khungu pamakhala kale alonda, ma macrophage ndi ma mast cell. Akangozindikira mlendo amatulutsa mankhwala oitanira anzawo, ena mwa iwo ndi histamine ndi ma cytokine. Timitsempha ta magazi ta pamalopo timatakasuka n'kuyamba kuchucha madzi. N'chifukwa chake pabala pamafiira, pamatentha, pamatupa, pamapweteka.

Oyamba kufika ndi maselo oyera otchedwa ma neutrophil, pasanathe maola ochepa. Amayamba kugubuduka pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsempha, kenako amamatirira, n'kudzipanikiza kutulukira pakati pa maselo a khoma la mtsemphawo. Akatuluka amalondola mankhwala aja mpaka pamene pali adani. Selo limakuta bakiteriya, kummeza, kumutsekera m'kathumba, n'kumuthira mankhwala owononga monga hydrogen peroxide ndi asidi wofanana ndi wa mu bulichi. Ma neutrophil ambiri amafera pomwepo. Mafinya amene mumawaona aja ndi mitembo ya ma neutrophil yosakanikirana ndi mabakiteriya komanso minofu yakufa. Chithupsa chikapsa chimafunika kutumbulidwa ndi achipatala, chifukwa m'kati mwa mafinya magazi safikamo, ndiye ngakhale mankhwala salowamo bwino.

Ma neutrophil sakhalitsa, m'magazi amangozungulira maola kapena tsiku limodzi. Motero mafuta a m'mafupa amapanga atsopano pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, ndipo nkhondo ikabuka amatulutsa ndi amene anali m'nkhokwe. Nambala ija ikakwera, kawirikawiri ikutiuza kuti penapake pakumenyedwa nkhondo, osati kuti munthuyo ndi wamphamvu kuposa anzake.

Yankho lachiwiri:
Zafotokozedwa bwino, koma limenelo ndi gulu loyamba chabe, lomwe limamenya mdani aliyense mosasankha. Pali gulu lachiwiri, ma lymphocyte, lomwe limachedwa koma limalunjika.

Selo lina lotchedwa dendritic limanyamula tizidutswa ta kachilombo kuchoka pabala kupita nato ku timbulu ta m'khwapa, m'khosi kapena mu mphechepeche. Kumeneko limaonetsa tizidutswato kwa ma T cell, omwe ndi mtundu wina wa ma lymphocyte, mpaka litapeza amene akugwirizana ndi kachilomboko. Opezekawo amagawikana mofulumira, ndipo kambulu kaja kamatupa. Ndiye mwanabere amene amatuluka munthu akakhala ndi bala kuphazi.

Ntchito amagawana chonchi. Ma T cell otchedwa CD4 ndi otsogolera, amadzutsa ena onse. Ma T cell otchedwa CD8 amapha maselo a thupi lathu lomwe amene mavairasi abisalamo. Ma B cell, omwenso ndi ma lymphocyte, amasanduka ma plasma cell, ndipo selo limodzi lokha limatha kutulutsa ma antibody masauzande pa sekondi. Ma antibody amamatirira kachilombo, kukalepheretsa kulowa m'maselo, komanso kukaika chizindikiro choti omeza aja akapeze msanga.

Kachilombo kakakhala kachilendo, zonsezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhondo ikatha, maselo ochepa okumbukira amatsala kwa zaka, moti kakabweranso amakagwira m'masiku awiri kapena atatu, mwina munthu asanadwale n'komwe. Katemera amagwira ntchito pamenepa, ndipo n'chifukwa chake sateteza tsiku lomwe mwabayidwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Ndiye nambala yabwino ndi iti?

Yankho lachitatu:
Kwa munthu wamkulu ndi pakati pa 4,000 ndi 11,000 mu maikulolita imodzi, kadontho kangati kamutu ka phini. Papepala amalemba 4.0 mpaka 11.0. Koma ndikupempheni, musamaime pa mzere umodziwo. Tsikani m'munsi muone mtundu umene wasintha. Ma neutrophil amakhala pakati pa 40 ndi 70 pa 100 alionse, ma lymphocyte 20 mpaka 40, ma monocyte 2 mpaka 10, ma eosinophil osapitirira 6, ma basophil osafika ndi 1 yemwe.

Akakwera ma neutrophil timaganizira mabakiteriya, ngakhale kuti pathupi, kusuta fodya, opaleshoni ndi mankhwala monga prednisolone zimawakwezanso popanda kachilombo. Akakwera ma lymphocyte, kawirikawiri ndi mavairasi. Ma eosinophil amakwera ndi njoka za m'mimba, likodzo kapena mphumu. Pa khansa ya m'magazi nambala imatha kupitirira 100,000, koma maselowo ndi osagwira ntchito, amangodzaza m'mafupa n'kuphimba abwino, moti munthu amadwaladwala, magazi amachepa, nkhama zimatuluka magazi.

Kutsika ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa anthu ambiri sakudziwa kuopsa kwake. Ma neutrophil akatsika kufika pansi pa 500, monga zimachitikira ena amene akulandira mankhwala a khansa, thupi limalephera ngakhale kupanga mafinya kapena kutupa. Chizindikiro chingakhale kutentha thupi kokha. Munthu woteroyo thupi likafika madigiri 38, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche.

Chinanso, WBC ikhoza kuoneka bwinobwino pamene HIV yatha ma CD4, popeza iwo ndi kagawo chabe ka ma lymphocyte. Amenewa amayezedwa paokha. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo akatsika pansi pa 200 matenda amene thupi likanawagonjetsa mosavuta amayamba kupeza mpata. Ma ARV akaletsa kachilomboko kuswana, nambalayo imakweranso, koma pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka.