Ndimuuze bwanji wogula za vuto la madzi panyumba?

Moni nonse. Ndikugulitsa nyumba yanga koma pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Mvula ikagwa yambiri madzi amadikha kuseri, ndipo khoma la kuchipinda limachita chinyontho mpaka penti kumatuka. Nyumbayi ili kumunsi, ndiye madzi onse ochokera kumtunda amathera pabwalo panga.

Ndinakumbitsa ngalande, ndinaika mapaipi otengera madzi a padenga, ndinathiranso dothi kuti pakwereko. Vutoli lachepa koma silinatheretu.

Wogula anabwera m'chilimwe, sanaone kalikonse. Amene akundithandiza kugulitsa akuti ndingokhala chete, koma mtima ukukana, munthuyu ali ndi ana aang'ono.

Kodi kumuuza pakamwa n'kokwanira, kapena tilembe m'pangano la malonda? Nanga nditsitse mtengo kapena ndikonzetse kaye? Amene munakumanapo nazo, chonde ndithandizeni nzeru.