Za mbatatesi ya gulu ndi ndalama yoperewera m'bokosi

Msungichuma: Mamembala nonse a banki khonde yathu ya kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndikukudziwitsani kuti ndalama ya mbatatesi ya m'munda wa gulu yafika yoperewera. Tinapangana kuti matumba 40 apite pa mametikali 1,500 lililonse, koma ine ndalandira 48,000 m'malo mwa 60,000. Ndikupempha aPhiri ndi aNambewe, amene tinawatuma kukagulitsa ku Calómuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, atifotokozere tsiku logawana masheya lisanafike.

aPhiri: Zikomo amayi. Wogulayo anali venda wa ku Lilongwe, ndipo lole yake inali itatsala pang'ono kuwoloka kupita ku Dedza. Mbatatesi sichedwa kuwola, choncho ndinaona kuti ndi bwino kulandira zimene anatchula kusiyana ndi kubwerera ndi katundu. Pa malonda otere pamafunika mwamuna wodula nkhani msanga, pakuti amayi amachedwa ndi kunenerera mpaka wogula kutopa.

aNambewe: Achimwene, mawu amenewo andipweteka, ndipo ndiyankha pamaso pa gulu lonse. Kunenerera kumene mukukunyozako kunali kutamufikitsa munthu uja pa 1,400, ndipo anali atavomera kulipira mametikali kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni wathu. Inu mutafika, iye anasiya kuyang'ana ine n'kuyamba kunena kuti tsopano abambo abwera, nkhani itheka, ndipo munapita naye kuseri kwa lole osandiitana. Kumeneko munavomera makwacha. Ndani mwa ife sadziwa kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso kuti osintha ndalama pamalire amaika mtengo wawowawo? Koma chimene chandiwawa koposa ndi ichi: ine ndinamuuza poyera kuti matumba asanu ndi a mbatatesi yaing'onoing'ono, inu n'kulumbira kuti onse ndi osankha. Atamasula thumba limodzi n'kuona, anapeza podulira mtengo wa matumba onse, ndipo ife tinalibenso pakamwa.

aPhiri: Kutamanda katundu wako si bodza, mlongo wanga, ndi mmene malonda amayendera kulikonse.

Mlembi: Pepani aPhiri, pamenepo sindikugwirizana nanu. Kutamanda ndi kunena kuti mbatatesi ya ku Angónia ndi Tsangano imakoma, zimene ndi zoona, koma kubisa zimene zili m'thumba ndi chinyengo, ndipo chaka chamawa venda ameneyo akauza anzake kuti gulu lathu n'losadalirika. Za amuna ndi akazizi, buku limene ndimasunga likuonetsa kuti malonda a nyemba ndi soya amene anatipindulira kwambiri anayendetsa ndi amayi, chifukwa iwo amafunsa mitengo kwa ogula angapo, amaumirira sikelo, ndiponso sachita manyazi kukana. Ife abambo nthawi zina timafuna kuoneka akuluakulu pamaso pa mwamuna mnzathu, tikatero timagwirana chanza msanga, kuiwala kuti ndalamayo ndi ya anthu ena, kuphatikizapo agogo amene amaponya sheya imodzi pa sabata. Ndifunsenso mosabisa: kodi panalibe kangachepe kamene munalandira kuseri kwa lole kuja?

aPhiri: Anandipatsa mametikali 2,000 a ulendo. Sindinaione ngati ya gulu.

Wapampando: Ulendo tinakulipirirani kale kuchokera m'bokosi, choncho 2,000 imeneyo ibwere kwa msungichuma Lachinayi. Mtengo wa 1,400 unali wotheka ndipo gulu likanaulandira, kotero chimene chinatayika chifukwa cha inu ndi 8,000. Tikachotsa 2,000 ija patsala 6,000, ndipo maganizo anga ndi akuti ilembedwe ngati ngongole yanu yopanda chiwongoladzanja, idzadulidwe pa masheya anu tsiku logawana. Kuyambira tsopano, otumidwa awiri azilankhula ndi wogula ali limodzi, ndipo mtengo wosiyana ndi umene tapangana uziyamba wamvedwa ndi komiti pafoni. Amene sakugwirizana nazo adzanene Lachinayi tisanatsegule bokosi.

aNambewe: Ndavomera, koma ku msika wa nyemba mwezi wamawa ndikupempha kuti wotchula mtengo ndidzakhale ine.