Za Chevening zija ndinafunsa, nazi zomwe ndapeza

Paja ndinafunsa ngati ntchito yodzipereka imawerengedwa pa zaka 2 za experience zomwe Chevening (scholarship ya boma la UK yokachitira masters ku UK) imafuna, yankho lake ndi eya ndithu. Iwo amawerenga maola, ayenera kukwana 2,800, ndipo ya part-time, internship yolipidwa kapena yosalipidwa, ngakhale yavolontiya ku NGO, zonse zimalowa. Koma attachment ija timapanga ngati mbali ya digiri, imeneyo iwalani, siyiwerengedwa.

China chomwe ambiri timasokoneza ndi IELTS, Chevening payokha inasiya kufuna mayeso a Chingerezi koma yunivesite yomwe mwasankha ikhoza kufunabe, ndiye musapumuliretu, pajatu mumasankha makosi 3 a masters ya chaka chimodzi ndipo pamafunika offer imodzi yopanda condition nthawi yake isanathe. Mafomu amatsegula cha mu Ogasiti, ofika pa interview amaitanidwa ku British High Commission ku Lilongwe.

Pomwe pagona nkhani ndi pa ma essay 4 omwe mumalemba pa mafomuwo, utsogoleri, networking, chifukwa chosankhira makosiwo ndi mapulani a ntchito. Kumangoti "ndine mtsogoleri wabwino" sikuthandiza abale, nenani zomwe munachita kwenikweni, kuti, ndi ndani, chinasintha nchiyani. Mukamaliza sukulu muyenera kubwerera kumudzi kwa zaka 2, ofuna kukatsalira ku London iyi si yanu.

Onaninso scholarship ya Beit Trust, imatenga a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha ndiye mpikisano sukhala wa dziko lonse lapansi.